Wogula fyuluta ya thanki ya nsomba wagula chiweto chachiwiri

Mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene timakhala m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, tili m'zipinda zochezera za anthu ku Germany, ku America ndi ku Japan, kumene timasambira m'matanki agalasi eni ake n'kumatiyang'ana ngati kanema. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 nsombazi zakhala zikutumizidwa kunja kuchokera kumadera monga Senga Bay ku Salima, ndipo lero zambiri mwa zimene zimagulitsidwa kumaiko amenewo zimabadwira m'matanki momwemo. Kuno kwathu nakonso matanki otere akuoneka m'mahotela, m'maofesi ndi m'nyumba zina za m'tauni. Aliyense woika thanki amakumana ndi funso limodzi: madzi amenewa, poti sayenda ngati a mumtsinje, akhala bwanji abwino? Wogulitsa amamulozera fyuluta, makamaka ija yokhala kunja kwa thanki, yooneka ngati chidebe chotseka ndithu chokhala ndi mapaipi awiri. Wogula amafunsa mtengo, n'kuyang'ana nambala yaikulu yolembedwa pakatoni, n'kunyamula. Ambiri amalakwira pomwepa, chifukwa amaiona fyuluta ngati sefa ya ufa, chinthu chakufa chimene ntchito yake ndi kugwira zinyalala basi. Mfundo yanga ndi yakuti fyuluta ndi khola, ndipo m'kholamo muli zamoyo zofuna chakudya, mpweya ndi chisamaliro. Munthu akavomereza zimenezi, kagulidwe kake kamasintha, kasamalidwe kake nakonso kamasintha.

Kawirikawiri chimene chimapha nsomba m'thanki sichioneka ndi maso. Nsomba ikadya, thupi lake limatulutsa amoniya, makamaka kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo ndowe ndi zakudya zotsala zikamawola zimawonjezera wina. Amoniyayu ndi poizoni, alibe mtundu, ndipo poti amasungunuka m'madzi, siponji kapena thonje sizingamugwire. Madzi amatha kuyera mbee nsomba zili kuwefuka pamwamba. Amene amachotsa poizoniyu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamudya. Gulu loyamba, monga mabakiteriya a Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi woopsa chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula mpweya. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimatha kumupirira akakhala wochepa. Wasayansi wobadwira ku Kyiv, Sergei Winogradsky, ndiye adatifotokoza bwino tizilomboti cha m'ma 1890. Kwa zaka zambiri mabuku a oweta nsomba ankati ntchito yachiwiriyi imagwiridwa ndi Nitrobacter, kufikira kafukufuku wa Timothy Hovanec ndi anzake mu 1998 adaonetsa kuti m'matanki a madzi opanda mchere mwini ntchito ndi Nitrospira. Mainawa ndi a akatswiri, koma woweta agwire zinthu zitatu: tizilomboti timakhala momatirira pa zinthu zolimba, timafuna mpweya wa okosijeni usana ndi usiku, ndipo timaswana mochedwa. N'chifukwa chake fyuluta yatsopano imatenga masabata 4 mpaka 6 kuti ikhwime, ndipo wothiramo nsomba zodzadza tsiku lomwe wagula thanki amayamba kutola mitembo sabata isanathe.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri kwa woweta nsomba za m'nyanja yathu kuposa woweta mitundu ina yambiri. Madzi a m'nyanja ya Malawi ali ndi pH (muyeso wosonyeza ngati madzi ndi owawasa kapena ayi) ya pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo wofuna kuti mbuna zake zikhale zathanzi amayesetsa kuti madzi a m'thanki afanane nawo. Vuto ndi lakuti ukali wa amoniya umakwera limodzi ndi pH. Pa kutentha kwa madigiri 25, m'madzi a pH 7 amoniya amene ali mumkhalidwe wake woopsa safika gawo limodzi pa magawo 100 alionse, koma m'madzi a pH 8 amafika magawo pafupifupi 5 pa 100. Mlingo womwewo umene nsomba ya m'madzi a pH 7 ingaupirire umakhala woopsa pafupifupi kakhumi m'thanki ya mbuna. Kunyanja zimenezi sizivuta, chifukwa ndi nyanja yotalika makilomita oposa 550 ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo mwala uliwonse wa m'mphepete uli ndi tizilombo take. M'thanki ya malita 200 mulibe kothawira. Komanso mbuna ndi nsomba zaukali zolimbirana malo, motero oweta ambiri amaziika zochuluka dala kuti yamphongo yolusa isapeze imodzi yoti izingoilondalonda. Nsomba zochuluka zimatanthauza amoniya wochuluka, m'madzi amene amamukulitsa ukali. Khola la tizilombo la thanki yotere liyenera kukhala lalikulu ndi lamoyo.

Ubwino wa fyuluta yakunja uli pamenepa. Kampani ya Eheim ya ku Germany ndiyo idatchukitsa mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1960, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe kwenikweni. Chidebecho chimakhala pansi pa thanki, kawirikawiri m'kabati. Paipi imodzi imatsitsa madzi mwa kulemera kwawo, monga momwe munthu amapopera petulo m'galimoto ndi paipi, ndipo pampu ya pachivundikiro imawakankha kubwerera m'thanki kudzera pa paipi yachiwiri. Mukatsegula mupeza zinthu zoyalidwa mosanjikiza. Madzi amayamba kudutsa pa siponji ya mabowo akuluakulu yogwira ndowe ndi zidutswa za zakudya, kenako siponji yosalala kapena thonje logwira fumbi, kenako timiyala ta dongo lowotcha tokhala ngati mikanda yoboola, todzadza ndi timabowo ting'onoting'ono. Timiyalati ndiye nyumba za tizilombo, ndipo masiponji aja ali ngati alonda oletsa matope kuti asatseke makomo a nyumbazo. Poti chidebe chili kunja, chimatha kukhala cha malita 5 kapena 10 osalanda malo a nsomba, pamene fyuluta ya m'kati mwa thanki imangokhala ndi kasiponji kokwana m'manja.

Tsono posankha, nambala yaikulu ya pakatoni, ya malita amene pampu imakankha pa ola, isamunyenge munthu. Nthawi zambiri nambalayo ndi ya pampu yopanda kanthu, isanakumane ndi masiponji, mapaipi ndi chitunda chokwera kuchokera m'kabati. Chitsanzo ndi Fluval FX6, imodzi mwa mafyuluta akuluakulu otchuka: opanga ake amalemba kuti pampu yake imakankha malita 3,500 pa ola, koma iwo omwe amalembanso kuti madzi oyenda m'fyuluta ndi malita 2,130. Kusiyanaku kuli pa fyuluta iliyonse, kungoti si onse amene amalemba nambala yachiwiriyo, ndipo masiponji akamada madzi amachepanso. Oweta odziwa amalangiza kuti madzi onse a m'thanki azidutsa m'fyuluta kanayi kapena kupitirira pa ola limodzi, ndipo kwa mbuna amawonjezera. Thanki ya malita 200 ikufuna malita osachepera 800 oyenda kwenikweni, choncho fyuluta yolembedwa 800 pakatoni ndi yaing'ono. Koma ngakhale liwiro la madzi si mutu wa nkhani. Pa mafyuluta awiri a mtengo wofanana, ina ya pampu yamphamvu ndi chidebe chaching'ono, ina ya pampu yapakatikati ndi chidebe chachikulu, wanzeru amatenga yachiwiri. Pampu imangobweretsa chakudya pakhomo, odya ake ali m'chidebemo, ndipo kuchuluka kwawo kumadalira malo amene mwawapatsa.

Pali mafunso ena amene katoni siyankha, koma wokhala kuno ayenera kudzifunsa. Magetsi athu ndi a mavoti 230, choncho fyuluta yopangira msika wa ku America, kumene amagwiritsa mavoti 120, ikangolumikizidwa popanda chosinthira mphamvu imapsa. Fyuluta siithimitsidwa usiku ngati wailesi, motero mawati ake awerengedwe: pampu ya mawati 20 yoyaka mwezi wathunthu imadya mayunitsi 14.4, ndipo ya mawati 40 imadya kuwirikiza. Pampu yodya pang'ono ndiyonso imakhalitsa ikalumikizidwa ku batire. Funso lina ndi la zipangizo zosinthira. Zimene zimatha msanga pa fyuluta ndi ziwiri, kachipangizo kamapiko kozungulira m'pampu kamene amisiri amati impela, ndi mphira wozungulira chivundikiro amene amaletsa madzi kudontha. Zonsezi ndi zazing'ono ndi zotchipa kumene zimapangidwa, koma zikasowa, fyuluta yamtengo wapatali imasanduka chidebe chosungiramo misomali. Woitanitsa fyuluta kuchokera ku Johannesburg kapena ku China aitanitsiretu impela ndi mphira wapadera tsiku lomwelo. Aonenso ngati mapaipi ali ndi timipopi totsekera, chifukwa popanda timeneti tsiku lililonse lotsuka limakhala tsiku lokolopa, ndipo ntchito yovuta munthu amaizengereza. Fyuluta yabwino ndi imene mwini wake sachita nayo ulesi kuitsegula.

Chiyeso chachikulu cha mfundo yakuti fyuluta ndi khola ndi kuthima kwa magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, ndipo namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Woweta nsomba kuno sangapange mapulani ngati wa ku Stuttgart. Sefa ikaima imangodikira, koma khola lotseka likaima zamoyo za m'katimo zimabanika. Madzi akasiya kuyenda m'chidebe, tizilombo ndi zinyalala zowola zimamaliza mpweya wotsalawo m'maola ochepa, ndipo kuthimako kukatalika madziwo amatha kuyamba kununkha ngati dzira lovunda. Magetsi akabwera mwadzidzidzi pampu imakankhira madzi oipawo m'thanki. Mankhwala ake ndi osavuta. Ngati zikuoneka kuti magetsi achedwa, fyuluta izulidwe pakhoma, itsegulidwe, timiyala tija tiikidwe m'beseni losaya lokhala ndi madzi a m'thanki kuti tizipeza mpweya, kapena m'kathumba ka neti n'kuviika m'thanki momwemo. Nsomba zisapatsidwe chakudya tsiku limenelo, pakuti nsomba yathanzi siifa ndi njala ya masiku awiri. Kapampu ka mpweya koyendera mabatire kamagwira ntchito yaikulu pa nthawi yotere. Ndipo poyatsanso fyuluta imene yakhala yotseka kwa nthawi yaitali, madzi a m'chidebe atayidwe kaye. Fyuluta yosamalidwa, yopanda matope ambiri, imapirira kuthima kwa magetsi kuposa yodzadza ndi zowola, chifukwa olimbirana mpweya amakhala ochepa.

Pa kutsuka ndi pamene anthu aukhondo amapha ziweto zawo ndi chikondi. Munthu amatsegula chidebe, n'kuona masiponji abii ndi timiyala toterera, nyansi n'kumugwira. Amapita nazo pampopi, n'kuzichapa mpaka kuyera ngati zatsopano, ena mpaka ndi sopo kapena madzi otentha. Kuterera kumene wachotsako ndito tizilombo timene adatidikira mwezi wathunthu, ndipo madzi a pampopi wa m'tauni ali ndi kolorini, mankhwala amene adathiridwamo ndi cholinga chopha mabakiteriya. Njira yoyenera ndi yofatsa. Tungani ndowa ya madzi a m'thanki, zimitsani pampu, tsekani timipopi, tulutsani chidebe panja. Masiponji afinyidwe m'ndowamo kangapo mpaka madzi atada, ndipo asayembekezeredwe kuyera. Timiyala tingogwedezedwa pang'ono kuti matope agwe. Thonje losalala likatha litayidwe n'kuikapo lina, koma timiyala ndi masiponji zisasinthidwe zonse tsiku limodzi. Theka lero, theka lina pakatha mwezi. Impela itulutsidwe ndi kupukutidwa ndi kaburashi, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamachititsa pampu kulira ndi kudyeka, ndipo mbuna ndi akatswiri ofukula mchenga. Mapaipi nawo amamera ndere m'kati n'kuchepetsa madzi, choncho apititsidwe burashi yaitali. Mphira wa pachivundikiro apukutidwe ndi kupakidwa girizi wa silicone. Ntchito yonseyi ichitike msanga zinthu zisanaume. Za nthawi yake, kalendala yabwino ndi madzi otuluka pa paipi: akayamba kufooka, tsiku lakwana. Siponji yaing'ono yovekedwa pakamwa pa paipi yokoka madzi, yochapidwa sabata iliyonse, imatalikitsa nthawiyo ndipo imateteza ana a nsomba kuti asakokedwe.

Wina anena kuti zonsezi ndi kukulitsa nkhani, pakuti thanki yake ili ndi madzi oyera ngati a m'botolo ndipo sanawerengepo za Nitrospira. Yankho ndi lakuti kuyera kwa madzi kumangosonyeza kuti masiponji akugwira fumbi, sikunena kanthu za amoniya. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mboni yodalirika ndi timabotolo toyezera madzi: amoniya ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0, ndipo kuyeza kumeneku kumatchipa kuposa kugulanso nsomba. Wina adzati makala apadera amene amabwera m'katoni ya fyuluta amachotsa zoipa zonse. Makalawo ali ndi ntchito yake, amachotsa fungo, mtundu wachikasu ndi zotsalira za mankhwala, koma amatha mphamvu m'masabata ochepa ndipo sathetsa vuto la amoniya. Akasiyidwamo pamene nsomba zikulandira mankhwala amayamwa mankhwalawo. Malo amene makala amatenga m'chidebe angapindule kwambiri atapatsidwa kwa timiyala. Winanso adzati fyuluta yaikulu imamumasula ku ntchito yosintha madzi. Ayi ndithu. Ntchito ya tizilombo imathera pa nitrate, ndipo nitrate amangounjikana mpaka wina amuchotse ndi ndowa. Kusintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, ndi madzi ochotsedwa kolorini, ndi lamulo limene palibe makina amene analifafaniza.

Chitsutso champhamvu kwambiri ndi cha amene amati m'dziko la magetsi othimathima fyuluta yakunja ndi chisankho cholakwika kuyambira pachiyambi. Iwo amaloza fyuluta ya siponji yoyendera kapampu ka mpweya, imene oswetsa nsomba ambiri padziko lapansi amadalira: ndi yotchipa, imadya mawati ochepa, ili m'madzi a m'thanki momwemo kotero kuti magetsi akathima tizilombo sititsekeredwa m'chidebe, ndipo siingakhuthulire madzi pansi. Amakumbutsanso kuti paipi ya fyuluta yakunja ikavuka usiku, thanki imatha kukhuthukira pabalaza. Mfundozi ndi zoona, ndipo kwa munthu wa thanki yaing'ono ya malita 60, kapena amene amachoka pakhomo masiku ambiri popanda womusiyira, ndingamulangize siponji. Koma thanki yaikulu yodzadza ndi mbuna imatulutsa ndowe zoposa zimene siponji imodzi ingakwanitse, ndipo nsomba zozolowera madzi owinduka a m'miyala zimakonda madzi oyenda. Ngozi ya kudontha imachepa mapaipi akamangidwa bwino, chidebe chikakhazikidwa m'beseni, ndiponso paipi yokoka madzi ikabooledwa kabowo kakang'ono m'munsi pang'ono mwa pamene madzi alekeza, kuti akatsika mpweya ulowe n'kudula kukokako. Ndipo palibe chokakamiza munthu kusankha chimodzi. Fyuluta yakunja ndi siponji m'thanki imodzi ndi makola awiri. Limodzi likagwa m'mavuto, lina limasunga mbewu ya tizilombo yoyambiranso. Chitsutsochi chikutsimikizira mfundo yomwe ija, pakuti mbali zonse ziwiri zikukangana za njira yosungira tizilombo tamoyo.

Otsiriza ndi amene angafunse chifukwa chotayira inki pa nsomba zosadyedwa, m'dziko limene usipa wa ndiwo ukukwera mtengo. Funsoli lili ndi malo ake, ndipo palibe akunena kuti thanki yagalasi ndi chosowa cha banja lililonse. Koma sayansi ya m'kachidebe kaja ndi yomweyo imene amatsata oweta chambo m'matanki a madzi ozungulira, ndi yomweyonso imene imagwira ntchito m'malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi za m'mizinda. Mwana amene waona ndi maso ake amoniya akutsika m'kabotolo koyezera waphunzira phunziro limene bolodi lokha silingamupatse. Komanso nsombazi ndi chuma chathu. Nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuziteteza, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba zosapezeka kwina kulikonse. Zingakhale zochititsa manyazi kuti mbuna izikhala zaka zambiri m'thanki ya ku Hamburg koma izifa mwezi usanathe m'thanki ya ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera kwawo, chifukwa choti mwini wake adachapa timiyala pampopi. Palibe amene amakakamizidwa kuweta nsomba. Koma walira mvula walira matope: wotulutsa nsomba m'nyanja n'kuitsekera m'galasi wasenza ntchito yonse imene nyanja inkagwira, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo lili m'kabati, m'chidebe chimene alendo sachiona. Asanafunse wogulitsa kuti fyuluta iyi imakankha malita angati, adzifunse yekha ngati adzadzuka kukaitsegula usiku umene magetsi athima.